Kulandizana Alendo pa Njira ya kwa Chembe

Ine ndine woyendetsa matola pa msewu wochokera ku Monkey Bay kunka kwa Chembe, mudzi wa asodzi umene alendo amaudziwa ndi dzina lakuti Cape Maclear. Koma ndisanagwire chiwongolero ndidayamba ndakhala kondakitala pa msewu wa Salima, kotero kuti njira yonse imene munthu amayenda atatsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kufikira ataponda mchenga wa kwathu, ndimaidziwa ndi zitunda zake ndi mphambano zake. Palibe basi imene imamtenga munthu pa bwalolo ndi kukamtula kunyanja kuno. Ulendowu ngolandizana, ndipo luso lalikulu la ntchito yathu lagona pa kupereka mlendo m'manja mwa mnzako ali wamtendere, katundu wake ali wathunthu, dzuwa lisanapendeke.

Bwalo la ndegelo lili makilomita oposa 20 kumpoto kwa Lilongwe, ndipo popeza maminibasi athu saima pakhomo pake, mlendo ayenera kupeza chomfikitsa pa msewu waukulu wa M1, pamene adzakwera yopita m'tauni. Ena amatsika pa mphambano ya Salima, pafupi ndi Kanengo, poyesa kufupikitsa njira, koma pamenepo galimoto zimadutsa zitadzaza kale; nchifukwa chake ine ndimati munthu wa katundu apirire mpaka ku depoti, kumene adzapeza mpando ndi kuona ndi maso ake pamene chikwama chake chaikidwa.

Ku depoti kulibe koloko imene imalamula galimoto kunyamuka, pakuti imanyamuka ikadzaza basi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Komabe kudekhako kukhale kwa munthu wopenya, chifukwa alipo anyamata oitanira amene amakhazika anzawo m'mipando kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono, ndipo mlendo akangolipira iwo amatuluka mmodzimmodzi. Mchitidwe umenewu ndimadana nawo ndi mtima wanga wonse, popeza umabera munthu dzuwa limene akadafika nalo kwawo. Wanzeru ayang'ane pansi pa mipando, pakuti wapaulendo weniweni sakhala wopanda thumba, dengu kapena mwana.

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita ngati 100, ndipo munthu akapitirira Mvera msewu umayamba kutsika mokhotakhota, mphepo yozizira ya kumtunda nitsalira m'mbuyo, milambe niyamba kuoneka. Pamenepo mpamene ndidaphunzira kwa bwana wanga woyamba kuti chitunda amatsika ndi giya, pakuti mabuleki akatenthedwa ndi kupondedwa kosalekeza amakana kumvera pa nthawi imene ukuwafunitsitsa. Ku Salima mlendo amasintha, nakwera yolowera kumwera pa msewu wa M5, kudutsa doko la Chipoka, Mtakataka ndi Mua, kumene ansembe adamanga mishoni mu 1902, kufikira pa Golomoti pamene msewu wa ku Monkey Bay umapatukira kum'mawa. Kondakitala wodziwa ntchito satsitsa munthu pamenepo ndi kumsiya akuyang'ana uku ndi uku. Amatsika naye, namsenzera chikwama, nanena kwa mnzake: "Achimwene, mayi awa ndi a kwa Chembe, muwatsitse pa mphambano, musawapitirize ku doko la Monkey Bay." Mawu ochepa amenewo ndiwo apulumutsa ambiri kugona pa khonde la sitolo.

Tsono pa mphambanoyo, asanafike ku Monkey Bay, mpamene mlendo amagwera m'manja mwanga, ndipo ntchito yanga yoyamba ndiyo kupakira. Matumba a chimanga ndi a simenti ndimawagoneka pansi, pakati pa galimoto, kuti kulemera kusapendekere mbali imodzi; zigubu za petulo wa injini za maboti ndimaziika kumbuyo kwenikweni, kutali ndi ufa ndi shuga, chifukwa ufa ukamva fungo la mafuta suphikikanso; zonsezo ndimazimanga ndi zingwe za mphira, ndipo anyamata amakhala pamwamba pake atagwira zitsulo. Mpando wakutsogolo sindiugulitsa kwa wa ndalama zambiri. Ndimati, "Agogo, lowani muno," kapena ndimaupereka kwa mayi wa khanda, ndipo ngakhale mlendo wotsika ndege adandaule ndimamfotokozera mwaulemu kuti umo ndimo tichitira kuno.

Njira yanga ndi yaifupi, makilomita ngati 18, koma imadutsa m'mapiri a miyala a m'nkhalango yosungidwa ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo pa makhota ake anyani amakhala mumsewu mosaopa hutala. Mlendo watsopano ndimamlozera Mwala wa Mphini ndi mizere yake yonga yotemedwa ndi lumo. Ndipo tikatsikira kuchigwa, zilumba za Thumbi ndi Domwe zitaonekera, ndimamuuza za amishoni a Livingstonia amene adafika pano mu 1875 pa sitima yawo ya Ilala, naika anzawo m'manda amene alipobe mpaka lero, nasamukira ku Bandawe mu 1881 atalephera kupirira malungo. Iwo adadzera pamadzi, pakuti msewu umene ndimadyerapo ine udali usanalambulidwe.

Masiku ano anyamata a njinga zamoto atitengera anthu ambiri, ndipo sindiwada, popeza nawonso akufuna chodyetsa ana awo. Koma mtima umandiwawa ndikaona munthu wotopa, chikwama chachikulu chili pamsana, akukwezedwa panjinga mdima utagwa kuti adutse m'makhota amenewo wopanda chipewa choteteza mutu. Wotsika ndege masana ndi bwino agone ku Lilongwe kapena ku Salima, nalawire m'mamawa. Adzandipeza pa mphambano nditatsitsa kale madengu a usipa wouma amene amayi a geni amapita nawo ku misika ya kumtunda, nditatsuka m'galimoto, ndipo kwa Chembe ndidzamtsitsa pakhomo penipeni pa nyumba imene watchula.