Phala, Kope ndi Bokosi la Maloko Atatu

Umphaŵi ukaloŵa m'nyumba suluma onse mofanana. Woyamba kuumva ndi mayi, pakuti ndiye amadya pomalizira. Wachiŵiri ndi mwana wamkazi, pakuti ndalama za sukulu zikapereŵera dzina lake ndilo limayamba kufufutidwa. Aliyense amene adayendapo m'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe, kumene dzuŵa limaswa mtengo ndipo mvula siichedwa kudula, akudziŵa zimene ndikunenazi. M'bandakucha mumakumana ndi amayi atasenza tomato, nkhuni ndi makala kuloŵera ku msika wa Lunzu, ndipo pambuyo pao pakubwera kamtsikana kobereka mng'ono wake, pa nthaŵi imene anzake akuloŵa m'kalasi. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa akazi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 m'Malaŵi muno, 42 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Ena mwa iwo tidaŵabatiza ndife tomwe.

Ku seminale ku Zomba tidaphunzira kuti mwamuna ndi mkazi adalengedwa m'chifanizo chimodzi cha Mulungu. Tidaŵerenganso kalata ya Papa Yohane Paulo Wachiŵiri ya 1988 yonena za ulemerero wa munthu wamkazi, imene adailemba chaka chimodzi asanadzacheze kuno mu 1989. Ziphunzitso zimenezi nzoona, ndipo ndimazilalika mosakayika. Koma pa ntchito yanga ya unsembe ndaona kuti ulemerero wa mkazi wa kumudzi umatetezedwa kapena kutayika pa tinthu ting'onoting'ono: kapu ya phala, kope la sukulu, ndi bokosi losungiramo ndalama.

Ntchito yokweza amayi si yachilendo mu Eklezia wathu. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, sipadapite nthaŵi, mu 1904 kudabwera masisitere a Daughters of Wisdom kudzaphunzitsa ndi kusamala odwala. Mu 1925 Ambuye Louis Auneau adayambitsa chipani cha masisitere a kuno kwathu, Atumiki a Maria Virigo Woyera, ku Nguludi. Tangoganizani: m'masiku amene anthu ambiri ankati mwana wamkazi ngwa pamtondo basi, Eklezia adaika choko ndi mabuku m'manja mwa atsikana a m'midzi. Nayenso Edel Quinn, mtsikana wodwaladwala wa ku Ireland, amene adafalitsa Legio ya Maria m'maiko athu ano kuyambira 1936 mpaka imfa yake mu 1944, adafika ku Nyasaland. Sukulu za atsikana monga Stella Maris mu Blantyre ndi Providence ku Mulanje, ndiponso chipatala cha Mlambe pa Lunzu pamene amayi ambiri a dera lino amachilira, nzipatso za mbeu yomweyo. Funso ndi lakuti: kodi ife a lero tikuithirira?

Ndiyambe ndi phala. Bungwe la Mary's Meals, lotchedwa dzina la Amayi Maria, lidayamba ntchito yake m'Malaŵi muno mu 2002 podyetsa ana 200 okha. Nzeru yake njapafupi: mwana alandire chakudya tsiku lililonse pamalo pamene akuphunzirira. Bungwe limabweretsa ufa, koma ophika ndi anthu a m'mudzi momwemo, makamaka amayi, amene amalaŵirira kukasonkha moto osalandira malipiro. Kwa banja losauka, phala limeneli limasintha maganizo. Mtsikana amene akadatsala pakhomo kuti akafune ganyu amatumizidwa ku sukulu, chifukwa kumeneko kuli chakudya. Mthenga Wabwino wa Marko, mutu 5, umatikumbutsa kuti Ambuye Yesu ataukitsa mwana wamkazi wa Yairo, wa zaka 12, adalamula makolo ake kuti amdyetse. Chozizwitsa chidali cha Ambuye, koma mbale ya chakudya adaisiya m'manja mwa banja.

Chachiŵiri ndi kope. Sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, komabe atsikana ambiri amathera m'makalasi akuluakulu a pulayimale. Zifukwa zake tikuzidziŵa: mtunda wautali, kusoŵa yunifolomu ndi sopo, kusoŵa zodzisamalira pa masiku a kumwezi, ndi anyamata kapena abambo a tindalama amene amadikira panjira. Apa ndipo ndimaona mphamvu ya miphakati, imene maepiskopi a chigawo chino cha Africa adaiika patsogolo mu 1973. Ndikudziŵa mphakati wina umene mabanja ake adagwirizana kusonkha chitini chimodzi cha chimanga pa nyumba iliyonse nthaŵi yokolola, kuti mtsikana wamasiye amene adasankhidwa kupita ku sekondale asatsale. Sadalembe kalata kwa azungu, sadadikire galimoto la bungwe. Adangokumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pa nkhani ya kopeyi pali bala limene tiyenera kulitsuka, ngakhale likuŵaŵa. Mtsikana akatenga pathupi, timamloza chala, timamchotsa m'kwaya, ndipo achibale amathamangira kukamtula kwa mnyamata kuti manyazi achoke pakhomo. Mnyamatayo amapitiriza sukulu ngati palibe chachitika. Chikhalirecho boma lidalola kale, kuyambira 1993, kuti mtsikana akabereka abwerere ku sukulu. Lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zidakhazikitsa kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana, sayenera kuloŵa m'banja. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza adathetsa maukwati ambirimbiri a ana nkuŵabweza ku sukulu. Tchimo tiyenera kulitchula ndithu, ndipo sakramenti la kulapa lilipo chifukwa cha chimenecho. Koma kumkankhira mwana m'banja losakonzekera sikukonza tchimo. Nkuwonjeza chachiŵiri pa choyamba. Agogo kapena azakhali amene amalera khanda masana kuti mayi wake wamng'onoyo akalembe mayeso, akuchita ntchito yachifundo yofanana ndi kuzonda odwala.

Chachitatu ndi bokosi la maloko atatu, limene tonse timalitcha banki m'khonde. Mabungwe ambiri, kuphatikizapo CADECOM, nthambi ya chitukuko ya Eklezia wathu, akhala akuphunzitsa njira imeneyi. Amayi amakumana mlungu uliwonse, aliyense naponya masheya monga momwe angathere. Bokosi limasungidwa ndi munthu mmodzi, makiyi ndi anthu ena atatu, kotero kuti palibe angalitsekule yekha. Wofuna ngongole amatenga pamaso pa onse nkubweza ndi chiongoladzanja, ndipo pakutha pa chaka amagaŵana. Pamakhalanso kathumba kapadera ka matenda ndi maliro. Ndaona mayi akugula mbuzi, wina malata, wina kulipirira mwana mayeso, ndi ndalama zochokera m'bokosi lotere. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola minda mu Malichi 2023, tidaona kuti banja lokhala ndi kangachepe kosunga limadzuka msanga.

Sindibisa kuti banki m'khonde ili ndi minga yake. Alipo amayi amene amakongola m'magulu atatu nthaŵi imodzi, nkumabweza ngongole ndi ngongole inzake, mpaka kulandidwa ziŵiya. Alipo abambo amene amatuma mkazi kukakongola, ndalama nkuthera ku moŵa, tsiku lobweza iwo osaoneka. Nchifukwa chake gulu la Akhristu liyenera kusiyana ndi katapila: lizifunsa chimene munthu akukongolera, lizilangiza, ndipo lizidziŵa kuleza mtima pamene mnzao wagwa m'tsoka lenileni.

Tsopano ndilankhule nanu, abambo anzanga, ndi inu amalume, eni mbumba. Ndamva ena akudandaula kuti mkazi akagwira ndalama kapena akaphunzira amayamba mwano. Kodi ulemu umene ukudalira umbuli ndi njala ya mnzako ndi ulemu weniweni? Yosefe Woyera sadachepe chifukwa choti Mulungu adakweza Maria. Adatenga mwana ndi mayi wake usiku, naŵateteza. Kuno kwathu, kumene mabanja ambiri ngachikamwini, mau a malume amalemera pa nkhani ya ukwati wa mwana wa mlongo wake. Mau omwewo angathe kunena kuti: ayi, mwanayu ayambe wamaliza sukulu.

Kwa inu amayi a Bungwe la Amayi Achikatolika ndi a Legio, ndikupempha chinthu chimodzi mwezi uno. Pa msonkhano wa mphakati, lembani maina a atsikana onse a m'dera lanu amene adasiya sukulu chaka chino, ndipo aŵiriaŵiri mukaŵayendere, monga Maria adayendera Elizabeti. Musapite ndi chiweruzo. Pitani ndi funso lakuti chikusoŵa nchiyani. Mwina mudzapeza kuti ndi yunifolomu chabe, mwina ndi womlerera mwana, mwina ndi mau amodzi kwa malume ake. Mutu umodzi susenza denga, koma denga limeneli si lolemera kuposa mphakati wathunthu.

Amayi Maria, amene adali mtsikana wa m'mudzi wonyozeka wa Nazarete, atipempherere ife ndi ana athu.