Kumene phula lathera: ulendo wochokera ku mafamu a ku Mvurwi

Tambala woyamba akamalira pa komboni ya famu ina kunja kwa Mvurwi, mayi amene ali ndi ulendo wa ku Harare amakhala atadzuka kale. Katundu anamangiratu usiku, ndipo ndalama anazigawa pawiri: zokwerera basi anazimanga pa mfundo ya chitenje, zotsalazo anazibisa m'kathumba ka m'kati mwa malaya. Basi imene akufuna kukwera imadutsa pa msewu wa phula, kutali ndi khomo lake, ndipo sidikira munthu. Choncho ulendo wake umayamba wapansi, mumdima, mame akunyowetsa miyendo, mwana wamkulu akumuperekeza ndi thumba pamutu.

Mvurwi ndi tauni yaing'ono ya m'boma la Mazowe, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kumpoto chakumadzulo kwa Harare. M'nthawi ya atsamunda inkatchedwa Umvukwes. Chakumadzulo kwake kwatandalala mapiri a Great Dyke, kumene anthu amakumba miyala ya chrome cha ku Mutorashanga, koma chimene chinamanga tauniyi ndi fodya. Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Mchinji atafika kuno sangasochere: dothi lamchenga ndi lomwelo, mabalani ataliatali a njerwa ndi omwewo, ndipo fungo la fodya wowotcha m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi lomwe lija. Chimene chingamudabwitse n'chakuti ali chikhalire m'minibasi, pakati pa Chishona chokhachokha, adzamva kumbuyo kwake nkhalamba ikudzudzula mdzukulu m'Chichewa cha kalekale, chimene kumudzi achinyamata anachiiwala.

Anthu amenewa ndi ana ndi zidzukulu za amuna ndi akazi amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia kudzagwira ntchito m'mafamu a azungu. Oyambirira anabwera wapansi, ulendo wa masabata, akuwoloka Zambezi pa bwato. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia, poona kuti alimi ndi eni migodi akusowa antchito, linakhazikitsa malole onyamula anthu ochokera kumpoto popanda kulipiritsa, ndipo anthu anangowatcha kuti Ulere. Mu 1946 kunabweranso bungwe lolemba anthu ntchito limene Amalawi ankalitcha Mthandizi. Wopita "ku Halale" ankakwera osatulutsa ngakhale tambala. Koma ambiri sanabwerere. Kumudzi anawatcha matchona. Lero zidzukulu za anthu amene anabwera pa galimoto yaulere zimalipira mtunda uliwonse umene zayenda, ndipo mtunda wowawa kwambiri ndi waufupi uja wa pakati pa komboni ndi phula.

Chisanafike chaka cha 2000, wantchito wa pa famu sankayendayenda. Sitolo inali pa famu pomwepo, mowa pomwepo, bwalo la mpira ndi dambwe pomweponso. Pakutha pa mwezi lole kapena thalakitala ya mwini famu inkatengera anthu ku tauni, ndipo munthu akadwala mwakayakaya kapitawo ankakagogoda kunyumba yaikulu kukapempha galimoto. Palibe chifukwa chokometsera moyo umenewo. Malipiro anali ochepa, nyumba zinali zothinana, ndipo galimoto yopempha imatha kukanidwa. Komabe pamene boma linayamba kugawa mafamu mu 2000, n'kuwaduladula kukhala minda yaing'ono ya A1 ndi yokulirapo ya A2, lole ija inapita limodzi ndi mwini wake. Antchito ambiri anatsala m'makomboni opanda ntchito yokhazikika, akudalira ganyu kwa alimi atsopano. Misewu yambiri ya m'mafamu, imene kale inkapalidwa kawirikawiri, inakumbika, ndipo m'dzinja timilatho tina timamira. Mwini basi amene amawerengera matayala ndi masipuling'i ake salola kuti galimoto yake ilowe kumeneko.

Mayi uja akafika pa phula amapeza anzake atakhala kale pa matumba, akuotha moto wa zinyalala. Palibe chikwangwani chosonyeza nthawi. Aliyense amangodziwa kuti basi zikuluzikulu zochokera ku Guruve ndi kuchigwa cha Zambezi zimadutsa m'mamawa, ndipo kawirikawiri zimafika zitadzaza, pamwamba pake pali matumba, njinga ndi nkhuku. Basi yaikulu ndiyo imakondedwa ndi wokhala ndi katundu wolemera, chifukwa mtengo wake umakhalako bwino ndipo kondakitala amalemba tikiti. Ikamusiya, amadikira minibasi, imene kuno amati kombi. Kombi imathamanga, koma pa mpando wa anthu atatu pamakhala anayi, ndipo ikafika m'tauni ya Mvurwi imatha kuima mpaka itadzaza, anyamata oitanira, amene Ashona amawatcha mahwindi, akukokerana zikwama za anthu. Palinso timagalimoto ting'onoting'ono ta mtundu wa Honda Fit, Toyota Wish ndi tina totero, totchedwa mushikashika. Timeneti tilibe chilolezo chonyamula anthu, timadzaza mpaka kosungira katundu, ndipo pakachitika ngozi wokwera alibe pogwira. Komatu ndi tokhato timene nthawi zina timalola kupatuka pa phula n'kulowa m'njira za m'mafamu. Pa chifukwa chimenechi, ulendo wa makilomita ochepa a fumbi umatha kudya ndalama zosasiyana kwenikweni ndi za ulendo wonse wa pa phula.

Mtengo wokwerera sulembedwa paliponse. Umatchulidwa pakamwa, ndipo umayendera tsiku. Pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pamene sukulu zikutsegulira umakwera. Umakweranso kuyambira mwezi wa Malichi, msika wa fodya ukatsegulidwa, poti eni magalimoto amadziwa kuti m'matumba mwa alimi mwalowa kanthu. Madzulo ndi wokwera kuposa masana, mvula ikamagwa ndi wokwera kuposa kukacha bwino. Katundu ali ndi mtengo wakewake: thumba la chimanga kapena la feteleza limalipiridwa ngati munthu, ndipo pamenepa m'pamene pamakhala kunenerera kwenikweni. Wozolowera ulendo amagwirizana mtengo wa katundu asanaukweze, pakuti thumba likangomangidwa pamwamba pa basi, mwini wake mawu amuthera.

Chimene chavutitsa okwera basi ku Zimbabwe kuposa maenje a mumsewu ndi ndalama yeniyeniyo. Mu 2008 mitengo inkakwera mwakuti ndalama imene munthu wakwerera popita m'mawa sinkakwanira kubwerera madzulo, ndipo anthu a m'mafamu ambiri anangosiya kuyenda. Mu Januwale 2009 banki yaikulu inatulutsa ndalama ya pepala ya madola 100 thiriliyoni, imene sinapite patali. Chaka chomwecho dziko linayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi ya ku South Africa. Zinthu zinakhazikikako, koma panabuka vuto la chenji, popeza ndalama zachitsulo kunalibe. M'masitolo ankabweza maswiti, ndipo m'kombi kondakitala ankatha kupatsa anthu awiri osadziwana dola imodzi kuti akagawane okha akatsika, ngati wawamangitsa ukwati. Kenaka kunabwera ndalama zachitsulo za bond mu 2014, zamapepala za bond mu 2016, dola ya RTGS mu 2019, ndi ZiG mu Epulo 2024. Pa kusintha kulikonse wotsalira kumva amakhala wa ku komboni, amene amafika pa siteji ndi ndalama imene kondakitala akuikana kapena akuiwerengera mtengo wina. N'chifukwa chake mayi uja amasunga timadola ta ku America ting'onoting'ono, takale ndi tofewa ngati nsanza, n'kumatisamala kuti tisang'ambike.

Boma linayesapo kulowererapo. Mafuta a galimoto atakwera mtengo mu Januwale 2019 anthu n'kuchita zionetsero, linadzutsa kampani yake ya basi ya ZUPCO kuti izinyamula anthu pa mtengo wotsika. Mu 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, makombi amene sanali pansi pa ZUPCO analetsedwa, ndipo chiletsocho chinamasulidwa mu 2022. Zonsezi zinakonzedwa poganizira antchito a m'mizinda. Munthu wa pa famu anangoona makombi akuchepa, mishikashika ikuchuluka.

Basi ikachoka pa Mvurwi msewu umatsetserekera kumwera chakum'mawa, pakati pa minda ya fodya ndi chimanga ndi timapiri ta miyala. Wodutsa m'mwezi wa Seputembala amaona mitengo ya msasa itaphuka masamba ofiira ngati moto, mvula isanagwe n'komwe. Pa Mazowe msewu umakumana ndi wochokera ku Bindura, n'kudutsa m'mbali mwa minda ya malalanje ndi damu la Mazowe, limene linamangidwa cha m'ma 1920. Apa ogulitsa amathamangira pa mawindo ndi malalanje, chimanga chootcha ndi madzi. Kutsogolo kuli geti lolipirira msewu, limodzi mwa amene anayamba mu 2009, ndipo makondakitala salephera kulitchula akamafotokoza chifukwa chimene mtengo wakwerera. Basi zikuluzikulu zimakathera pa Mbare Musika, pamene munthu wa kumudzi ayenera kufumbata chikwama chake ndi manja awiri. Amene ali ndi ulendo wa ku Malawi amakakwera basi ina yodzera pa Nyamapanda, Tete, Zobue ndi Mwanza mpaka ku Blantyre, koma ambiri a m'makomboni njira imeneyi amangoimva m'nkhani za agogo awo.

Nanga n'chiyani chimadzutsa munthu usiku chonchi? Kale alimi ang'onoang'ono ankaperekeza mabelo awo ku okushoni ku Harare n'kumagona panja masiku angapo. Tsopano makampani ena a fodya wa kontirakiti amagulira ku Mvurwi komweko, ndipo zimenezi zapepuzako ulendo umodzi. Maulendo otsala ndi a kuchipatala, a kumaliro, ndi a mapepala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya anthu ambiri obadwira ku Zimbabwe, koma makolo awo ochokera kunja, ali ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa wobadwira m'dzikolo amene kholo lake linachokera m'dziko la SADC, koma ufulu wolembedwa m'buku suyenda wokha kukafika pa komboni. Munthu ayenera kukaonekera ku ofesi yolembetsera, ndipo likulu la boma la Mazowe lili ku Concession, la chigawo ku Bindura. Wopanda kalata ya kubadwa amafunika kupita ndi mboni, kutanthauza kulipirira anthu awiri, popita ndi pobwerera. Akakapeza mzere wautali kapena akauzidwa kuti pepala lina likusowa, ulendo wonse uyenera kubwerezedwa. Pali mabanja amene ana awo alibe kalata ya kubadwa kufikira lero, osati chifukwa chokanidwa, koma chifukwa ndalama ya ulendo wachiwiri sinapezeke.

Ogwira ntchito za chitukuko nthawi zina amaiwala zimenezi. Amafika pa galimoto ya bungwe, amaitanitsa msonkhano m'tauni nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndipo anthu a m'mafamu akachedwa kapena akalephera amalemba m'lipoti kuti anthuwo alibe chidwi. Akabweza ndalama ya mayendedwe amawerengera mtengo wa basi ya pa phula yokha, kusiya mtunda wa fumbi umene ndiwo wadya zambiri. Msonkhano ukatha dzuwa litapendeka, mayi amene wachokera ku komboni amadziwa kuti akayenda mumdima. Wodwala amene amalandira mankhwala otalikitsa moyo akadumphitsa tsiku lake m'mwezi wa Febuluwale, funso loyamba lisakhale lakuti bwanji sakusamala. Likhale lakuti mtsinje wa kwawo unali wowolokeka kodi. Kumene odwala a pa famu imodzi amagwirizana kuti mmodzi azikatengera anzake mankhwala mosinthana, kapena kumene olembetsa zitupa ndi anamwino a sikelo amabwera okha pa sukulu ya pafupi, ndalama ya basi imene yapulumuka imagula ufa.

Kumpoto kwa Mvurwi msewu umapitirira mpaka ku Guruve, kumene kale kunkatchedwa Sipolilo. M'dera limenelo muli Tengenenge, mudzi wa osema miyala umene mlimi wa fodya Tom Blomefield anauyambitsa mu 1966, ndipo ambiri mwa osema oyamba anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Angola. Kupitirira Guruve msewu umatsika phiri kulowa m'chigwa chotentha, kudzera pa Mahuwe ndi Mushumbi Pools mpaka ku Kanyemba, m'mphepete mwa Zambezi, moyang'anana ndi Luangwa ya ku Zambia ndi Zumbo ya ku Mozambique. Ena mwa agogo aja anawolokera cha kumeneko.

Basi ya ku Guruve yomweyo ndi imene mayi uja amakwera pobwerera kuchokera ku Mbare. Imanyamuka ikadzaza, osati nthawi ikakwana, ndipo imafika pa mphambano ya kwawo dzuwa litalowa. "Tsikani bwino, amayi," amatero mnyamata wina wa pa komboni yoyandikana amene wamuzindikira, uku akumulandira thumba. Kondakitala amaponya pansi katundu wotsala, amamenya chitseko kawiri, basi n'kupita. Ngati uthenga wa pa foni unafika, mwana wake amakhala akudikira ndi wilibala, kapena ndi ngolo ya ng'ombe ya mnansi imene idzalipiridwa ndi tsiku limodzi la ganyu. Ngati sunafike, mayiyo amapinda chitenje kukhala nkhata, amasenza thumba, n'kulowa m'njira ya fumbi, kutsogolo kukuoneka moto wa m'mabalani a fodya.