Kuchoka pa Liwonde mpaka Balaka, kusaka buloko ya njinga

Mwezi wa October ukatsika minibasi pa Liwonde, sufunika kuuzidwa kuti wafika kuchigwa. Kutentha kumakulandira chitseko chisanatseguke n'komwe. Ndinafika cha m'ma 10 koloko m'mawa kuchokera ku Zomba, ndipo ndinapeza achimwene atakhala pansi pa mtengo, njinga yawo yamoto ili chiimire pambali.

Achimwene ndi akabaza. Njingayo anagula ndi ngongole imene alamu anatenga ku banki mkhonde, ndipo fizi ya ana awiri imachokera pomwepo. Kwa masabata atatu inali ikufuka utsi wotuwa kumbuyo, kumwa oyilo ngati thobwa, n'kumalephera chitunda chilichonse pa msewu wa ku Ntaja. Tsiku lobweza ngongole linali pafupi, ndiye anandiimbira kuti ndibwere ndi kangachepe.

Tinaikankha mpaka kwa makaniko wina wachikulire, amene galaja yake ndi mthunzi wa mango basi. Atamasula mutu wa injini, analowetsa chala m'kati mwa silinda, imene iwo amangoti buloko.

"Achemwali, tagwirani apa. Mwaimva mizereyo? Fumbi limenelo. Achimwene anuwa fyuluta ya mpweya anaiiwala kalekale."

Achimwene anangoyang'ana kumbali.

Madalawo anandifotokozera kuti injini za njinga zambiri za kabaza zilibe radiyeta. Zimazizira ndi mphepo imene imadutsa pa timapiko tachitsulo tozungulira buloko, komanso ndi oyilo. Anati ali mnyamata anaphunzira ntchito pa Volkswagen Beetle ndi Kombi zakale, zomwe nazonso sizinkamwa madzi. Injini yotere, m'dera lotentha ngati lino, siikhululuka ukaiikira chitsulo cholakwika.

Njira zinalipo zitatu. Yoyamba, kukapalitsa buloko yakaleyo pa makina kuti mizere ichoke, n'kuikamo pisitoni yokulirapo pang'ono, ya 0.25 kapena 0.50 mm. Koma mizere ya achimwene inali yozama. Yachiwiri, kugula buloko yatsopano ya saizi yomweyo, yobwera pamodzi ndi pisitoni ndi maring'i ake. Yachitatu ndi imene achimwene anaikonda: kugula yaikulu. Injini yawo ndi ya mtundu wotengera Honda CG125, ya bowo la 56.5 mm, ndipo anzawo pa siteji anawauza kuti akaika ya 150, ya 62 mm, azinyamula matumba awiri a chimanga osamva kulemera.

"Mphamvu iwonjezekadi," anatero madala. "Koma moto ukachuluka kutentha kuchulukanso, mafuta idya ambiri, kabuleta tiyenera kuisintha, mwinanso buloko yakeyo osalowa pakamwa pa injini. Mukufuna liwiro kapena mukufuna kubweza ngongole?"

M'mashopu amene tinayenda pa Liwonde, saizi yathu inali itatha. Tinakulunga buloko yakale m'thumba la shuga n'kukwera galimoto ya ku Balaka.

Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 30, koma uli ndi zoona. Umayamba n'kuwoloka Shire pa Kamuzu Barrage, zitseko zimene zinamangidwa mu 1965 kuti zizilamulira madzi opita kumalo opangira magetsi monga Nkula. Pamenepo namasupuni amayandama, asodzi ali m'mabwato, amayi akukweza nsomba m'mwamba kuti apaulendo aone. Kumtunda kwa mtsinje kuli Liwonde National Park, kwa njovu ndi mvuu. Ukadutsa mphambano ya ku Mangochi, dziko limauma: malambe akuluakulu, minda yoyembekeza mvula, njinga zakapalasa zitasenza makala. Mpaka 1998 dera lonseli linali boma limodzi la Machinga, Balaka asanaime payekha, ndipo anthu ake amayenderanabe ngati a mudzi umodzi, Chiyawo ndi Chichewa zikusakanikirana m'galimoto momwemo.

Balaka ndi tauni ya njanji ndi nyimbo, kwawo kwa Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda. Ife tinalunjika kumsika. Mnyamata wa m'shopu yoyamba anatulutsa bokosi lonyezimira n'kunena kuti, "Iyi ndi orijino, bigi." Achimwene anali atapisa kale m'thumba. Ndinawagwira mkono, n'kutulutsa kapepala kamene madala anatilembera.

Tinaimika yatsopano pambali pa yakale. Kutalika kunasiyana pang'ono, ndipo pini ya pisitoni sinafanane ndi yathu. Tikanagula, tikanabwerera nayo ulendo wachiwiri, ndipo risiti yake inalembedwa kuti katundu sabwezedwa. Pa shopu yachitatu m'pamene zonse zinagwirizana: bowo, kutalika, mabowo a mabawuti, pini. Tinayang'ananso kuti timapiko n'tathunthu ndiponso kuti m'kati mulibe dzimbiri. Tinawonjezera magasiketi, oyilo ndi fyuluta yatsopano. Ya fyulutayo ndinalipira ndine, mwadala.

Tinabwerera dzuwa litapendeka. Madala anamanga injini pang'onopang'ono, akuyeza mpata wa maring'i asanawaveke. Itadzuka, kunalibe utsi. Malangizo awo anali achidule: masiku oyamba osathamanga, osasenza katundu wolemera, osaisiya ikulira itaima padzuwa, ndipo oyilo woyamba asinthidwe msanga.

"Ndiye sabata yonse ndizinyamula munthu mmodzimmodzi?" anadandaula achimwene.

"Eya. Mukapupuluma mudzandipeza pompano."

Woyamba kukwera ndinali ine. Anandiperekeza ku depoti pa liwiro loti wa njinga yakapalasa anatipitirira akuseka. Nditatsika ndinawapatsa ya ulendo, iwo n'kukana, ine n'kuwaikira m'thumba la malaya. Lachisanu lotsatira alamu ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti gawo la mwezi uno ku banki mkhonde lalowa.