Gaborone: Digiri ya Zachuma M'dziko la Ng'ombe ndi Dayamondi

Pabwalo la sukulu ya ukachenjede ya University of Botswana, mumzinda wa Gaborone, pali chiboliboli cha munthu ali ndi ng'ombe yake. Ophunzira amachidutsa m'mawa uliwonse, ambiri maso ali pa lamya za m'manja. Mlendo wochokera ku Lilongwe, Chipata kapena Tete angaganize kuti wasochera n'kufika pasukulu ya zaulimi, koma ayi, chibolibolichi chikukumbutsa za amene adamanga sukuluyi.

Mu 1975 boma la Lesotho lidatenga nthambi ya ku Roma ya yunivesite yomwe dzikolo linkagawana ndi Botswana komanso Swaziland, ndipo ophunzira a ku Botswana adabwerera kwawo opanda kolowera. Chaka chotsatira, mtsogoleri wa dziko Seretse Khama adapempha mtundu wonse kuti usonkhe chuma chomangira sukulu yawoyawo. Mfuu yake m'Chitswana idali yoti "Motho le motho kgomo", kutanthauza kuti munthu aliyense apereke ng'ombe. Wopanda ng'ombe adabwera ndi mbuzi, nkhuku, mapira ngakhalenso mazira. Pofika 1982 University of Botswana idaima payokha. Choncho mnyamata kapena mtsikana yemwe lero akuphunzira za chuma ndi kayendetsedwe ka ndalama pasukuluyi amakhala pampando womwe udayambira m'khola la agogo ake.

Mzinda weniweniwo ndi wachichepere. Pa nthawi ya atsamunda dzikoli linkalamulidwa kuchokera ku Mafeking, m'dziko la South Africa, ndipo Gaborone adamangidwa mwachangu kuti pofika tsiku la ufulu, 30 Seputembala 1966, boma likhale ndi pokhala. Atakwera phiri la Kgale, munthu amaona zonse nthawi imodzi: damu la pamtsinje wa Notwane lomwe lidatsala pang'ono kuumiratu mu 2015, tchire la minga, misewu yotakata, ndi nyumba zosanja zonyezimira magalasi m'dera latsopano la zamalonda. Maso a wophunzira zachuma amathamangira ku nyumba zosanjazo, ndipo sitingamunene. Kumeneko ndi madera oyandikira kuli mabanki, makampani a inshulansi, msika wa masheya wa Botswana Stock Exchange, banki yaikulu ya Bank of Botswana komanso likulu la bungwe la SADC.

Kwa zaka zambiri njira yochoka m'kalasi kupita m'maofesi amenewa idali yolambulidwa. Dayamondi adapezeka ku Orapa mu 1967, mgodi wa Jwaneng udatsegulidwa mu 1982, ndipo phindu la kampani ya Debswana, yomwe boma limagawana pakati ndi De Beers, lidamanga zipatala, misewu ndi kulipirira ana sukulu. Mu 1976 dziko lidasiya randi n'kuyamba ndalama yakeyake ya pula, dzina lotanthauza mvula. Akadaulo a zachuma ankasowa, moti womaliza maphunziro sankachedwa pakhomo. Festus Mogae, yemwe adaphunzira zachuma ku Oxford ndi ku Sussex, adayendetsako banki yaikulu asanakhale mtsogoleri wa dziko kuyambira 1998 mpaka 2008. Nkhani ya Linah Mohohlo ndiyo imagwira mtima koposa: adalowa m'bankiyo mu 1976 ngati mlembi, adapitiriza sukulu ali pantchito, ndipo adadzakhala gavanala kuyambira 1999 mpaka 2016.

Njira ija idamera minga. Kuyambira 2023 malonda a dayamondi adalowa pansi, mwa zina chifukwa cha miyala yopangidwa m'mafakitale yomwe imaoneka chimodzimodzi koma ndi yotsika mtengo kwambiri. Mu 2024 chuma cha Botswana chidabwerera m'mbuyo ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo kalembera wa boma wa kumayambiriro a chakacho adapeza kuti mwa anthu 100 alionse ofuna kugwira ntchito, oposa 27 adali paulova. Pakati pa achinyamata zinthu zidali zoipirapo. Mu Okutobala chaka chomwecho chipani cha BDP chidagonja pachisankho chitalamula zaka 58, ndipo Duma Boko adatenga mpando. Boma lomwe kale linkameza omaliza maphunziro chaka ndi chaka lidayamba kuwerenga thebe iliyonse.

Ndiye wophunzira wa chaka chomaliza alowere kuti? Wofuna ntchito yofufuza ndi kulangiza boma, monga ku banki yaikulu kapena ku bungwe la kafukufuku la BIDPA lomwe lidayamba mu 1995, amazindikira msanga kuti digiri yoyamba yokha siikwanira. Afunika digiri yachiwiri ya masitazi, ndipo koposa zonse afunika masamu ndi luso losanthula ziwerengero pa kompyuta. Pamenepa pali khomo lomwe a ku Malawi akulidziwanso: bungwe la African Economic Research Consortium la ku Nairobi lakhala likuyendetsa maphunziro a masitazi mogwirizana ndi mayunivesite angapo, kuphatikizapo University of Botswana ndi University of Malawi. Ena amasankha mayeso a ukatswiri wowerengera ndalama monga ACCA ndi CIMA, omwe koleji ya Botswana Accountancy College idatchuka nawo chiikhazikitsire mu 1996. Ubwino wa mayesowa ndi woti munthu amatha kuwalemba ali pantchito, ndipo satifiketi yake imawoloka malire. Kuipa kwake, amadya ndalama ndi tulo. Pali chinyengo chimodzi chomwe chimakola ambiri, ku Gaborone ngakhalenso ku Zomba: kubwerera kusukulu kokha chifukwa ntchito yasowa. Masitazi yothawira ulova imangochedwetsa funso lomwe lija ndi zaka ziwiri, ngongole itakula.

Wochokera kunja asanamizidwe ndi kuwala kwa magalasi. Ntchito yolembedwa imafuna chilolezo cha boma, ndipo eni dziko ndiwo amayamba kuganiziridwa. Mipando ya akatswiri ku likulu la SADC imatsegukira nzika za maiko onse a m'bungweli, koma imafuna munthu amene wagwira kale ntchito zaka zingapo kwawo.

Njira yomwe simatchulidwa kawirikawiri ili chakumpoto kwa mzinda, ku Sebele, komwe kuli yunivesite ya zaulimi ya BUAN, mnzake wa Bunda wa ku Lilongwe. Kumeneko chuma chimaphunzitsidwa pamodzi ndi khola ndi dimba. Ntchito yake ilipo yoonekeratu. Botswana Meat Commission ya ku Lobatse yakhala ikutumiza nyama ku Ulaya kwa zaka zambiri, koma matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka m'dera, msika umatsekeka ndipo mlimi amatsala ndi ng'ombe zongodya msipu. Ndani angamuwerengere ngati kuli bwino kugulitsa chilala chisanafike kapena kugula chakudya cha ziweto? Bungwe la boma lobwereketsa ndalama la CEDA, lomwe lidayamba mu 2001, limafuna ndondomeko ya bizinesi yolembedwa bwino lisanapereke ngongole, ndipo alimi ambiri amadziwa ng'ombe iliyonse ndi dzina koma alibe kaundula wa zolowa ndi zotuluka. Mu 2022 boma lidaletsa kuitanitsa tomato, anyezi, mbatatesi ndi ndiwo zina kuchokera kunja. Kumapeto a 2024 boma latsopano lidayamba kuchotsa chiletsocho. Mlimi yemwe adakongola ndalama za mapaipi ndi mjigo poyembekezera msika wotetezedwa adafunika kuwerengeranso zonse, ndipo masamu amenewo ndi omwe aja amaphunzitsidwa m'chaka chachiwiri. Nawo magulu a amayi osonkherana ndalama, omwe kuno amati motshelo, ofanana ndi banki mkhonde, amasunga ndalama zochuluka m'makope osindikizidwa ndi chikhulupiriro chokha.

Vuto ndi loti ntchito yotereyi ilibe ofesi yozizira, malipiro ake sabwera pa tsiku lodziwika, ndipo kholo lomwe lidagulitsa ng'ombe kuti mwana aphunzire limafuna kumuona atamanga tayi. Alangizi a m'midzi amadziwa kulemera kwa nkhani imeneyi kuposa aphunzitsi a pa yunivesite.

Lachisanu madzulo pamalo okwerera mabasi a mumzindawu pamadzaza. Ogwira ntchito m'mabanki, asilikali, anamwino ndi ophunzira amakwera zopita ku Mochudi, Molepolole, Kanye ndi Serowe, pakuti Mtswana ngakhale akhale m'tauni, mtima wake uli kumudzi, kumunda ndi ku moraka, komwe kuli ziweto. Wophunzira wa chaka chomaliza amakhala pawindo, laputopu ili pamiyendo. Mawa m'mawa atate ake adzamutenga kukaona ng'ombe zomwe zapulumuka chilimwe, adzaziwerenga limodzi pachipata cha khola, ndipo pobwerera adzamufunsa ngati makalata aja ofunsira ntchito ayankhidwa.