Miimba Yabweranso ku Nkhalango ya Liwonde

Munthu akachoka ku Zomba kulinga kumpoto, ayenda mamailosi opitirira pang'ono 30 ndipo afika pa Liwonde, m'boma la Machinga. Pamenepo, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pali nkhalango ya nyama imene Boma linakhazikitsa m'chaka cha 1973. Mitengo yochuluka m'menemo ndi tsanya ndi milambe, ndipo kufupi ndi madzi kuli mivumo yaitali.

Wofuna kuona nyama alawire m'mamawa. Pa nthawi imeneyo nswala, njiri ndi ngoma zimadya poyera, njovu zimatsikira kumtsinje, ndipo nkhwazi imalira pamwamba pa mvuu ndi ng'ona. Amene ali ndi maso akuthwa angathe kuona kadzidzi wamkulu wofiirira ali phee m'mtengo wa masamba ambiri pagombe. Kadzidzi ameneyu ndi wosowa, ndipo sadya mbewa ngati anzake koma amagwira nsomba usiku.

Dzuwa likakwera, mlendo ayang'ane kumwamba. Adzaona chipungu, mbalame ya nkhope yofiira ndi mchira waufupi, chikuyandama ndi kupendekeka uku ndi uku. M'chaka cha 2020 akatswiri a mbalame anachiika m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yakutha. Pamwamba pake penipeni pamazungulira miimba.

Miimba imeneyi inasowa ku Liwonde zaka zambiri. Misampha ya waya inatha zilombo zogwira nyama, chotero panalibe zotsala zoti mbalame zidye. M'chaka cha 2015 bungwe la African Parks linayamba kusamala nkhalangoyi pamodzi ndi Boma. Linachotsa misampha zikwizikwi ndi kumanga mpanda wa magetsi. M'chaka cha 2017 anabweretsa akakwiyo, zilombo za maangamaanga zothamanga koposa nyama zonse, ndipo mu 2018 anabweretsa mikango. Zilombozi zitayamba kugwira nyama, miimba inabwera yokha popanda woiitana.

Ena adzafunsa kuti, kodi mbalame yodya zovunda ili ndi phindu lanji kwa mlimi? Muimba umatsiriza nyama yakufa msanga, ntchentche ndi agalu zisanafalitse matenda, ndipo m'mimba mwake tizilombo ta nthenda timafa. Ntchito imeneyi imateteza ng'ombe ndi mbuzi zathu.

Koma muimba sudziwa malire a nkhalango, pakuti umauluka mamailosi ambiri tsiku limodzi. Munthu akathira mankhwala a kumunda pa mbuzi yakufa kuti aphe fisi, miimba yambiri imatera pomwepo ndi kufa nthawi imodzi. Tsono muimba umaikira dzira limodzi lokha pa chaka, ndipo imene yafa tsiku limodzi siibwerera msanga.

Chotero anzathu a kumudzi, fisi akavuta mukauze alangizi kapena oyang'anira nyama za kutchire, ndipo makola muwamange olimba. Aphunzitsi nawonso ayese kupita ndi ana a sukulu ku Liwonde, kuti akadzionere okha mbalame zimene agogo awo ankaziona pamudzi pomwe.