Tsiku limene bambo analephera kulowetsa ulusi pa singano

Bambo anga ndi telala, ndipo asoka kwa zaka zoposa 30. Za khosi anayamba kudandaula kalekale, ife n'kumati ndi ukalamba komanso kuweramira makina. Panado, kutikita, basi. Nthawi imeneyo sitinalakwe. M'khosi muli mafupa 7, ndipo timapilo tofewa ta pakati pa mafupawo timauma ndi kuphwa munthu akamakula. Ambiri opitirira zaka 60 vutoli ali nalo, ena osadziwa n'komwe. Ngakhale mtsempha wopita kudzanja utapanikizika, ambiri amapeza bwino m'masabata 6 mpaka 12 ndi mankhwala komanso mafizo, popanda mpeni.

Tinadzalakwa pambuyo pake. Nditapita kwathu pa holide ndinawapeza akulimbana ndi singano. "Iwe, tandilowetsere ulusiwu, maso atha awa." Koma sanali maso, zinali zala. Mabatani a malaya ankawakanika, kapu ya tiyi inkawapulumuka, poyenda ankadzandira ngati alawa, chonsecho mowa sakhudza. Chomwe chinatipusitsa n'chakuti khosilo silinkapwetekanso kwambiri.

Kuchipatala chachikulu anawajambula ndi MRI. Adokotala anati mafupa othawo ayamba kufinya mtsempha waukulu uja wochokera ku ubongo, wodutsa m'kati mwa msana, ndipo pakufunika opaleshoni. Anatiuzanso poyera kuti cholinga chachikulu n'kuimitsa kuwonongekako, chifukwa chomwe chawonongeka kale sichibwerera chonse.

Kunyumba kunabuka mkangano. Azakhali anati khosi saseweretsa, munthu amalowa akuyenda n'kutuluka pa wilitcheya. Mantha awo ndinawamvetsa, poti opaleshoniyi ili ndi chiopsezo ndithu. Inenso ndinakhala chete. Tinataya miyezi 8.

Opaleshoni inachitika bwino. Lero bambo akuyenda osagwira khoma, koma zala zakumanja zikadali ndi dzanzi, ndipo ulusi amawalowetsera ndi mphwanga.

Maganizo anga ndi awa: tisiye kuyeza matendawa ndi ululu. Khosi lopweteka lokha kawirikawiri silifuna mpeni. Koma kholo lanu likayamba kugwetsa zinthu, kufooka manja, kudzandira kapena kulephera kugwira mkodzo, musadikire malipiro a mwezi wamawa kapena msonkhano wa banja. Pitani nalo kuchipatala. Ndikanalankhula pa msonkhano uja, mwina bambo bwenzi akulowetsa okha ulusi.