Njira zathu zilibe zikwangwani

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero tikambeko za njinga. Kuno ku Fíngoè njinga ndiye bulu wathu: imapita kuchigayo, imanyamula fodya, imathamangitsa wodwala kuchipatala usiku. Palibe amene amaiona ngati chinthu chosewera nacho. Koma kuli maiko kumene anthu amasunga ndalama chaka chonse n'cholinga choti akapalase njinga m'mapiri a nkhalango momwe kale munali migodi. Ine mapiri otero ndakhala ndikuwakwera chiyambire ntchito yauphunzitsi, wondiombera m'manja palibe, ndiye nkhaniyi imandikhudza.

Malo amodzi otchuka ali m'malire a Germany ndi Czech Republic, m'mapiri a Erzgebirge. Siliva anapezeka ku Freiberg m'chaka cha 1168, ndipo anthu anakumba m'mapiri amenewo kwa zaka pafupifupi 800. Migodi itatsekedwa, kunatsala nkhalango, midzi ya anthu a pamgodi ndi tinjira tambirimbiri. Lero kuli njira ya njinga yotchedwa Stoneman Miriquidi, ya makilomita 162, yodutsa pansonga za mapiri 9. Wopalasa amatenga kakhadi n'kumakabowola pansonga iliyonse, ndipo akamaliza tsiku limodzi amamuwerengera golide, masiku awiri siliva, masiku atatu mkuwa. Mu 2019 bungwe la UNESCO linaika dera la migodi limeneli pamndandanda wa chuma cha dziko lonse. Kufupi ndi kwathu, ku South Africa, anthu anathamangira golide ku Pilgrim's Rest mu 1873, ndipo masiku ano m'nkhalango zozungulira Sabie, pafupi pomwepo, mumadzaza opalasa. Ngakhale ku Malawi, m'nkhalango ya Viphya, ku Luwawa kwakhala kukuchitika mpikisano wa njinga za m'mapiri, kungoti kumeneko mbiri yake ndi ya mitengo ya paini osati ya migodi.

Nditawerenga za ku Germany ndinaseka ndekha, chifukwa mapiri, nkhalango ndi mbiri ya golide zonsezi tili nazo. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi ndi amwenye a ku Goa anatsegula misasa ya golide kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Undi, yemwe likulu lake linali ku Mano, chakufupi ndi mtsinje wa Kapoche. Misasa imeneyi ankaitcha bares, ndipo maina monga Java, Machinga ndi Missale amapezeka m'mabuku a mbiri. Okumba ndi kusefa golideyo ambiri anali akazi ogwidwa ukapolo. Lacerda anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1798 akupita kwa Kazembe, kumene anakafera, ndipo Monteiro ndi Gamitto anatsata mbali yomweyo mu 1831. Pambuyo pake kunatchuka Chifumbazi, m'boma loyandikana nalo la Chifunde. Golide ameneyo sankauluka popita ku Tete kapena ku Zumbo. Ankayenda pamitu ya anthu, m'tinjira ta miyendo, ndipo ndikamapalasa m'kanjira kozama kamene kanadyeka mpaka kufika m'mawondo, ndimadzifunsa kuti mapazi oyamba kupondamo anali a yani.

Wofuna kudziwa njira zathu ayambe waiwala msewu waukulu wochokera ku Bene kupita ku Zumbo. Umenewo ndi wa malole ndi fumbi. Njira zenizeni zimapatuka m'mbali mwake, ndipo n'zopapatiza moti awiri simungayende mogundizana mapewa. Ukalowera kumpoto, chaku Malowera ndi malire a Zambia, umayenda m'nkhalango ya miombo, kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono, kudutsa madambo ndi minda ya chimanga ndi fodya. Mu Seputembala miombo ikamaphuka masamba ofiira, phiri lonse limaoneka ngati alithira mwazi, ndipo chakumapeto kwa chaka masuku amagwera m'njira momwemo moti tayala limaterera. Ndiyo mbali imene ndimaikonda, ndipo mwana wa zaka 12 angaikwanitse.

Kumwera ndi nkhani ina. Kumeneko dziko limagwa kulowera kunyanja ya Cahora Bassa, imene madzi ake akadzaza amafika mamita 326 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe ife tili pamtunda kwambiri. Miombo imatha, kumayamba tsanya ndi milambe, kutentha kumakula, ndipo m'malo ena kashembe amakulondola ngati uli naye ngongole. Potsika, chimene chimatopa si miyendo koma zala, chifukwa cha mabuleki. Miyala yake ndi yoyendayenda, ndipo ukafinya buleki yakutsogolo mwamphamvu, njinga imakutaya n'kukutsogoza. Amene amabwera ndi nsomba zouma kuchokera kunyanja amadziwa bwino: potsika amamangirira nthambi kumbuyo kuti izikoka pansi, pobwerera amakankha chitunda chonse, dengu lili pakeliyala. Sindinaonepo wa magiya 21 amene angawapose anthu amenewa.

Tinene zoona, njinga ya magiya ndi yabwino pachitunda, koma ikathyoka kachitsulo kosinthira tcheni uli pakati pa thengo, wagona komweko. Njinga yakuda yachikale ija, yamabuleki a ndodo, aliyense wokonza pansi pa mtengo ali ndi sipoko yake ndi kotapini wake. Ine ndimayendera ya magiya, koma m'chikwama simusowa pampu, zigamba, guluu, sipanala ndi mphira wa chubu chakale. Mphira umenewu wamanga zinthu zambiri m'boma la Maravia kuposa misomali.

Pali kusiyana kumodzi kwakukulu pakati pa ife ndi a ku Erzgebirge. Kwawo migodi inafa, anaitchinga ndi mipanda, ena anaisandutsa malo oonetsera alendo. Kwathu migodi imangogona, kenako n'kudzuka. Mtengo wa golide ukakwera, kapena wina akatola kamwala kowala m'khwawa, m'sabata imodzi pamakhala pamsasa wa magarimpeiro. Amakumba maenje akuya kuposa msinkhu wa anthu atatu, golide akatha amasamuka, maenje n'kutsala pululu. Mvula ikagwa udzu umawaphimba. Njira imene unadutsa bwinobwino mu Juni, mu Epulo wotsatira ungaipeze ili ndi dzenje pakati, kapena yakhotetsedwa popanda wokuuza. Madzi a m'makhwawa otero ine sindimwa, chifukwa ena amagwira golide ndi mekyule. Sindikuwanyoza anyamatawa, ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha, ndipo ndikudziwa chimene chinawachotsa m'kalasi. Koma njira imene iwo akumba ndi yomweyo imene mng'ono wawo amapalasa m'bandakucha kupita kusukulu, mlongo wake ali pakeliyala.

Inu amene mumaphunzitsa m'zilankhulo ziwiri mukudziwa kuti m'Chipwitikizi mawu akuti mina amatanthauza mgodi, amatanthauzanso bomba lokwirira pansi. Kwa makolo athu tanthauzo lachiwirili ndilo linali pafupi. Nkhondo ya ufulu inalowa m'chigawo cha Tete mu 1968, ina ija inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo zaka zonsezo anthu ambiri a kuno anathawira ku Zambia, njira zina n'kumera thengo. Boma linalengeza mu Seputembala 2015 kuti malo onse odziwika a mabomba achotsedwa. Komabe mpaka lero pali agogo amene akakuona ukupatukira kanjira kena amakuitana: “Aphunzitsi, dzerani uku.” Sindiwafunsa chifukwa. Ndimadzera komwe anenako.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga. Njira za ku Germany zili pamapu, zili m'mafoni, zili ndi zikwangwani pamphambano iliyonse. Zathu zili m'mitu ya anthu, ndipo zimasungidwa ndi maina. Chitunda chilichonse chili ndi dzina, dooko lililonse lili ndi dzina, m'Chichewa kapena m'Chinsenga, ndipo dzinalo nthawi zambiri limakuuza zimene ukakumane nazo: kuti pali miyala, pali njuchi, panafera munthu, pamadutsa njovu. Mapu a boma ali ndi maina ochepa chabe, enanso olembedwa mokhota monga anawamvera mzungu. Wopalasa wakale akamwalira, kapena akagula njinga yamoto n'kuyamba kudzera mumsewu waukulu, njira imodzi imatsekeka pamodzi ndi maina ake.

Ena amati tikonze njirazi kuti kubwere alendo ndi ndalama zawo. Sindikukana. Tete inayamba kale kuyesa zoti anthu a m'midzi azipindula ndi thengo lawo kudzera mu Tchuma Tchato, ndipo malamulo a dziko lino amati magawo 20 pa 100 a misonkho ya nkhalango ndi nyama azibwerera kwa eni dera. Koma mlendo wa njinga yodula adzabwera kamodzi pachaka, m'nyengo yozizira, pomwe mwana wa giredi 7 amadutsa pamenepo kawiri patsiku, mvula ndi dzuwa. Ngati pali dzenje loti likwiriridwe kapena mtengo woti ugonekedwe pakhwawa, ndikanakonda tiyambire panjira ya mwanayo.

Chaka chino ndinauza ana a m'kalasi mwanga kuti aliyense ajambule njira yake yochokera kunyumba kufika kusukulu, alembe dzina la chitunda, khwawa ndi mphambano iliyonse monga amatchulira kwawo, ndipo paliponse pali dzenje la golide aike kamtanda kofiira. Mtsikana wina anabweretsa mapepala atatu olumikiza ndi phala, pali timitanda 7, ndi dzina la dooko limene ine ndawolokapo zaka zonsezi osalidziwa. Mapuwo tawapachika kukhoma, ndipo Loweruka likubwerali tikawaonetsa kwa amfumu. Ngati kusukulu kwanu kuli ana obwera panjinga, auzeni ajambule zawo, munditumizire, tione ngati njirazi zingalumikizane kuchokera ku Kapoche mpaka kunyanja.